Vanishi Sabisa Kanthu

Mmisiri wopala matabwa amene ntchito yake amaidziwa satsegula chitini cha vanishi asanaliyese thabwa. Amanyowetsa kasanza koyera ndi sipiriti kapena thina, n'kupukuta pamwamba pa tebulo limene wakhala akulikwecha ndi sandipepa m'mawa wonse. Kwa kanthawi kochepa, chinyezicho chisanauluke, thabwa limaoneka mmene lidzaonekere likapakidwa. Thabwa la mbawa limene linali mbuu limafiira, mizere yake n'kuonekera bwino. Koma mmisiriyo kukongolako sakulabadira. Maso ake ali pa zolakwika. Apa pali chidindo cha chala chimene chinali ndi guluu, ndipo pakhala pakuoneka kadontho kotuwa chifukwa vanishi salowa pa guluu. Apo pali timikwingwirima ta sandipepa amene anadutsa mopingasa mizere. Pakona paja puleni inakumba pang'ono. Amazunguliza malo onsewo ndi pensulo, n'kubwerera ku sandipepa. Chitini chimakhala chidikire.

Amatero chifukwa vanishi sabisa kanthu. Penti ndiye amabisa: misomali, ming'alu yomata, thabwa lofumbwa, zonse zimalowa pansi pa utoto wobiriwira n'kuiwalika. Vanishi amaonetsa chilichonse chimene wachipeza, ndipo amachikulitsa. Kamkwingwirima kamene diso silimakaona pa thabwa louma, vanishi akangopitapo kamada bii, ndipo kadzakhala pomwepo mpaka tebulolo lidzathe.

Eni ake a mawu oti vanishi, Angerezi, amawagwiritsa ntchito ngati kuti zinthu zili mosiyana. Mawu oti varnish, amene ife tinawapinda kukhala vanishi, ali m'chinenero chawo kuyambira m'zaka za m'ma 1300, atawatenga ku Chifalansa, ndipo Afalansawo anawatenga ku Chilatini. Akatswiri ena a zinenero amawalumikiza ndi mzinda wakale wa Berenice, kumene lero kuli Benghazi ku Libya, poganiza kuti utomoni wopangira vanishi unkadutsira kumeneko. Tanthauzo lake lenileni ndi madzi okhuthala oonekera mkati, amene amati akapakidwa pa thabwa amauma n'kukhala kakhungu kolimba kopanda mtundu wakewake. Anthu a ku Britain amatcha dzina lomweli zopaka m'zikhadabo. Ojambula zithunzi ku London anali ndi tsiku lopaka vanishi zithunzi zawo chionetsero cha Royal Academy chisanatsegulidwe, tsiku limene wojambula J. M. W. Turner ankakonda kumalizirira zithunzi zake zitapachikidwa kale pakhoma, anzake akuonerera. Koma pophiphiritsa, Mngerezi akati nkhani yapakidwa vanishi amatanthauza kuti yakometseredwa pamwamba pofuna kubisa zonyansa, chija ife timati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Akafuna kunena choona chosapsatira amati n'chosapakidwa vanishi. Ndimaona kuti amene anayambitsa kalankhulidwe kameneka sanagwirepo burashi. Akanafunsa kalipentala aliyense wa ku Mchesi kapena ku Ndirande, akanauzidwa kuti wofuna kunamiza kasitomala amathamangira penti kapena utoto wakuda.

Chimene chimachitika thabwa likanyowa ndi vanishi n'chosavuta kumvetsa, ngakhale chimadabwitsa nthawi zonse. Pamwamba pa thabwa louma, ngakhale lokwechedwa bwanji, pali timabowo ndi timaulusi tambirimbiri todzaza mpweya. Kuwala kukagwerapo kumamwazikira mbali zonse kusanalowe mkati, n'chifukwa chake thabwalo limaoneka lotuwa. Vanishi amathamangitsa mpweyawo n'kudzaza timabowoto ndi chinthu chimene kuwala kumadutsamo pafupifupi mofanana ndi mmene kumadutsira m'thabwa lenilenilo. Kuwala kumalowa pang'ono mkati, kukatenga mtundu wa mtengowo, n'kubwerera ku diso. Pa thabwa la mbawa, limene maulusi ake amakula mopotana, ena kupendekera uku ena uko, pamatuluka mikwamba yowala ndi yakuda imene imasinthana munthu akasuntha mutu. Mikwambayo siichokera m'chitini. Inali m'mtengomo kuyambira uli chiimire m'mphepete mwa mtsinje.

Vanishi wakale anali zinthu zitatu: mafuta amene amauma, utomoni wolimba, ndi chosungunulira choti zipakike. Mafutawo kawirikawiri anali a njere za fulakesi, ndipo kuuma kwake n'kosiyana ndi kwa madzi. Madzi amauluka n'kusiya malo ouma. Mafuta a fulakesi amayamwa mpweya wa okosijeni, timagawo take n'kugwirana mpaka kukhala chinthu cholimba chimene sichingabwererenso kukhala mafuta. Mmonke wina amene ankadzitcha Theophilus analemba kaphikidwe ka vanishi wa mafuta a fulakesi ndi utomoni chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1100, ndipo kwa zaka mazana otsatira ntchitoyo sinasinthe kwenikweni: mphika, moto, ndi munthu wolimba mtima woyang'anira, poti mafuta ndi utomoni zikatentha kwambiri zimayaka mwadzidzidzi. Ophika vanishi ankagwirira ntchito panja, kutali ndi nyumba.

Pa utomoni wonse, wina wa wotamandika kwambiri unkachokera kuno kwathu kum'mawa kwa Africa. M'mphepete mwa nyanja ya mchere, moyang'anana ndi Zanzibar, anthu ankakumba pansi kufunafuna utomoni wakale wa mtengo umene Aswahili amautcha msandarusi, umene unagwa n'kukwiririka mumchenga mpaka kuuma gwaa. Azungu ankautcha copal. M'zaka za m'ma 1800 unali m'gulu la katundu wamkulu wotuluka pa doko la Zanzibar, pamodzi ndi minyanga ya njovu, ndipo amalonda a ku Salem m'chigawo cha Massachusetts ku America ankaunyamula wambiri, makamaka pambuyo pa pangano la malonda la 1833 pakati pa dziko lawo ndi mfumu Seyyid Said, wolamulira Zanzibar. Utomoniwu susungunuka m'mafuta pokhapokha utayamba wasungunulidwa paokha pa moto waukulu. Koma vanishi wake anali wolimba moti ankapirira dzuwa, mvula ndi matope pa ngolo zokokedwa ndi akavalo za anthu olemera a ku London ndi New York. Malonda amenewa anazilala akatswiri atayamba kupanga utomoni m'mafakitale, ndipo vanishi amene timagula lero m'mashopu a hadiweya nthawi zambiri amakhala wa polyurethane, chinthu chimene Otto Bayer ndi anzake anachitulukira ku Germany mu 1937.

Zam'chitini zasintha, koma ntchito ya dzanja ndi yomweyo, ndipo gawo lalikulu la ntchitoyo limachitika burashi isanaviikidwe.

Choyamba ndi thabwa louma. Thabwa lochekedwa mwezi watha limakhala ndi madzi mkati, ndipo madziwo adzafuna potulukira. Likatsekedwa ndi vanishi, pakapita miyezi ingapo pamwamba pamachita nkhungu yoyera, m'malo olumikiza mumatseguka, vanishiyo n'kuyamba kufunduka. Mmisiri wabwino amalidziwa thabwa laliwisi pongolinyamula ndi kuligogoda, komanso poona utuchi: wa thabwa louma umayoyoka, wa laliwisi umamatirira m'mano a sowo. Kenaka amapala, n'kuyamba kukwecha. Sandipepa ali ndi manambala kumsana kwake, ndipo nambala ikamakula mchenga wake umachepa makulidwe. Amayamba ndi 80 kapena 100, kupita pa 120, kenaka 180, kumalizira pa 220. Ntchito ya nambala iliyonse n'kufufuta mikwingwirima imene yam'mbuyo inasiya, ndiye wodumpha kuchoka pa 80 kupita pa 220 amangosalaza pamwamba pa mizere yakuya imene vanishi adzaiulule. Amakwecha motsata mizere ya thabwa, atakulunga sandipepayo pa kachidutswa ka thabwa kophwathalala, chifukwa zala zokha zimakumba timaenje m'malo ofewa. Pamene pagwera nyundo n'kusiya chibowo, sathamangira kumata. Amaikapo sanza yonyowa n'kusitapo ndi simbi yotentha, nthunzi n'kufufumitsa maulusi amene anapsinjika mpaka chibowocho chitadzadzanso chokha. Njira imeneyi ndimaikonda kuposa zonse za m'shedi ya kalipentala, poti palibe chimene amawonjezera pa thabwalo.

Mitengo nayo ili ndi makhalidwe ake. Mlombwa, umene ukadulidwa umatulutsa utomoni wofiira, suvuta: sufufuma kapena kunyala kwambiri nyengo ikasintha, ndipo umalandira vanishi mokondwa. Mbawa ili ndi timabowo tatikulu timene timameza zopaka zoyamba, ndiye wofuna pamwamba posalala kotheratu amayenera kutidzaza kaye kapena kupaka maulendo angapo akukwecha pakati. Paini wa ku Chikangawa ndiye wovuta ngakhale ali wotchipa. Amamwa mosiyana, pena kwambiri pena pang'ono, ndipo mfundo zake zimatulutsa utomoni dzuwa likatentha, n'kuboola vanishi kuchokera pansi. Odziwa amayamba atseka mfundozo ndi vanishi wina wotchedwa shellac. Ndipo mtengo uliwonse, kumapeto kwa thabwa kumene sowo inadutsa kumamwa kuposa pena paliponse, moti kumada kwambiri ngati sikunapakidwe mosamala.

Kupaka koyamba kumakhala kwa vanishi wosungunula ndi thina kuti alowe m'thabwa n'kugwira. Chitini sachikhutchumula, amatakasa pang'onopang'ono ndi kamtengo, chifukwa kukhutchumula kumalowetsa thovu limene limadzauma pa tebulo ngati timatuza. Vanishi wosawala kwambiri amafunika kutakasa mofatsa kuposa wowala, chifukwa ufa umene umachepetsa kuwalako umakhazikika pansi pa chitini. Mmisiri amathira pang'ono m'kachitini kena koyera, kuti fumbi la pa burashi lisabwerere m'chitini chachikulu. Amaviika nsonga yokha ya burashi, mwina gawo limodzi la magawo atatu a ubweya wake, ndipo saikanda pamlomo pa chitini.

Tsopano onani dzanja. Amayala vanishi pa chigawo chimodzi, n'kumufalitsa, kenaka amaimika burashi pafupifupi chilili n'kuikoka ndi nsonga zokha kuchoka kumapeto ena kukafika kumapeto ena, kamodzi, osaima panjira. Amatera burashiyo pang'ono mkati mwa m'mphepete, osati pamphepete penipeni, chifukwa pamenepo ubweya ungafinyike, vanishi n'kuyenderera m'mbali. Chigawo chotsatira amachiyambira pouma n'kukokera ponyowa kuti ziwirizo zilumikizane zisanayambe kugwira. Thupi lake amaliika moti kuwala kwa pakhomo kuzigwera pa tebulo mopendekera, ndipo amawerama kawirikawiri kuti aone ngati pali pamene padumphidwa. Akamaliza amachoka. Apa ndi pamene mmisiri amasiyanirana ndi wophunzira. Wophunzira amaona kamzere ka burashi n'kufuna kukonza, koma vanishi akayamba kugwira, burashi imangomukoka n'kusiya zipsera. Timizere tating'ono timasalala tokha ngati wopakayo waleka kusisita.

"Iwe, usakhudzenso pamenepo," mbuye wa shedi amatero kwa mnyamata wake, asanatembenuke n'komwe.

Mdani wamkulu ndi fumbi, ndipo amisiri athu amalimbana naye m'malo amene buku lililonse la ntchitoyi linganene kuti n'ngosatheka. Shedi ili m'mphepete mwa msewu, maminibasi akudutsa, mnzake pafupi akucheka matabwa. Mu Okutobala kamvuluvulu mmodzi amatha kuwononga ntchito ya tsiku lonse, ndipo kutentha kumagwiritsa vanishi msanga asanasalale. Nthawi ya chiperoni vuto limatembenuka: kuzizira ndi chinyezi zimachedwetsa kuuma, tebulo n'kumamatabe tsiku lachiwiri. Mvula zoyamba zikagwa, ngumbi ndi tizilombo tina timabwera kudzatera pa ntchito yonyowa. Choncho odziwa amapaka m'mamawa mphepo isanadzuke, atawaza madzi pansi kuti fumbi ligone, atasintha malaya a utuchi aja, ndipo ena amaika pepala la pulayiwudi pamwamba pa tebulolo, lokhazikika pa njerwa, kuti zogwa kuchokera kudenga zisafike. Sapaka padzuwa. Thabwa likatentha, mpweya wa m'timabowo umafufuma n'kutulukira m'vanishi wonyowa ngati thovu.

Kupaka kukauma, kawirikawiri tsiku lotsatira, amakwechanso mopepuka ndi sandipepa wa 320. Ngati pakutuluka ufa woyera, vanishi wauma. Ngati sandipepa akumata timinofu, nthawi sinakwane. Kukwechaku kumachotsa timafumbi tomwe tinatera, komanso kumapatsa kupaka kotsatira pogwira, makamaka kwa polyurethane amene akauma samamatirana bwino ndi mnzake wapamwamba. Maulendo atatu opyapyala amaposa ulendo umodzi wokhuthala. Wokhuthalayo amauma pamwamba, pansi pakadali pofewa posowa mpweya, kenaka amachita makwinya. Ndipo mmisiri wosamala amatembenuza tebulo n'kupakanso kunsi kumene palibe adzakuone. Sachitira ulemu. Thabwa limayamwa chinyezi dzinja n'kuchitaya chilimwe, ndipo mbali imodzi ikatsekedwa ina ili yotsegula, limapindika. Ndikafuna kudziwa mmisiri, ndimapisa dzanja pansi pa tebulo lake.

Palibe vanishi amene wasinkhitsa anthu mitu ngati wa mavayolini a ku Cremona, ku Italy, makamaka a Antonio Stradivari amene anamwalira mu 1737. Kwa zaka zoposa mazana awiri anthu akhala akunena kuti munali chinsinsi m'vanishi wake wofiirira, ndipo opanga mavayolini ayesa kusakaniza zinthu zamitundumitundu pofuna kumupeza. Mu 2009, gulu lotsogozedwa ndi Jean-Philippe Échard wa ku Musée de la musique ku Paris linafalitsa zimene linapeza litapima zoimbira zisanu za Stradivari, zopangidwa m'nyengo ya zaka pafupifupi 30. Pansi panali kupaka kwa mafuta ouma, amene analowa pang'ono m'thabwa. Pamwamba panali mafuta osakaniza ndi utomoni wa mitengo ya banja la paini, ndi utoto wofiira umene ojambula zithunzi a nthawiyo ankagwiritsanso ntchito. Basi. Zinthu zimene wina aliyense mumzindamo akanatha kugula. Ena anakhumudwa nazo, koma kwa ine nkhaniyi imamukweza Stradivari. Ngati zosakanizazo zinali za aliyense, ndiye kuti kusiyana kunali pa kusankha thabwa, kulikonza, kupyapyala kwa kupakako ndi kudikira dzuwa kuti liumitse. Vayolini yake ya mu 1716 yotchedwa Messiah, imene ili ku Ashmolean Museum ku Oxford, sinaimbidwe kwenikweni, ndipo opanga mavayolini amapita kukaiyang'ana kuti aone mmene vanishiyo ankaonekera asanaperepeseke ndi thukuta ndi zibwano za oimba. Ina ya mu 1721, Lady Blunt, yosungikanso bwino chimodzimodzi, inagulidwa pa mapaundi 9.8 miliyoni mu 2011. Wokonza zoimbira zoterezi sayerekeza kukwecha vanishi wakaleyo kuti apake watsopano. Kutero n'kuchotsa gawo lalikulu la mtengo wake.

Polyurethane sindimunyoza. Pa tebulo lodyerapo, pamene ana amatayapo tiyi ndipo mbale ya nsima imatera yotentha, ndi amene amapirira. Koma ali ndi chilema chimodzi: akakandika kapena kuyamba kufunduka, sakonzeka pamalo amodzi okha, umayenera kukwecha tebulo lonse n'kuyambiranso. Shellac, amene amachokera ku utomoni wa tizilombo tina ta m'mitengo ya ku India ndi Thailand, n'kusungunulidwa mu sipiriti, ndi wofooka pa madzi, kutentha ndi mowa, koma amakhululuka. Kupaka kwatsopano kumasungunula kwakale pang'ono n'kukhala chinthu chimodzi, moti chipsera cha zaka 100 chimatsekeka popanda msoko. Amisiri a ku Ulaya a m'zaka za m'ma 1800 ankamupaka ndi kampukutu ka thonje kokulunga m'nsalu, akuzunguliza dzanja maulendo osawerengeka ndi kadontho ka mafuta kuti kasamate, ndipo mapiyano ndi magitala apamwamba ena amapakidwabe choncho. Kunja, pa zitseko ndi mafelemu a mawindo, onse awiriwa amagonja. Kumafunika vanishi wa mafuta ambiri, wofewerapo, amene poyamba ankapangira milongoti ya zombo, woti azitha kutamuka pamodzi ndi thabwa. Ngakhale iyeyo dzuwa lathuli limamudya, ndipo amafuna kubwereza asanayambe kung'aluka.

Chimene chimandidandaulitsa ndi vanishi wosakaniza kale ndi utoto, uja amapakidwa pa paini kuti aoneke ngati mbawa. Pamene burashi yadutsa kawiri pamada kuposa pena, ndipo akakandika pamatuluka thabwa loyera pansi. Ndi m'bale wake wa polishi wa nsapato amene ena osema ziboliboli amadetsera mtengo wamba kuti ugulidwe ngati phingo. Sindikuti amisiriwo alibe chifukwa: mlombwa ndi mbawa zikusowa ndipo zadula, mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu m'phirimo, ndipo kasitomala amafuna mtundu wa mtengo umene sangathe kulipira. Koma paini wokwechedwa bwino, wopakidwa vanishi woyera, amasanduka wachikasu chagolide pakapita zaka, ndipo alibe chochitira manyazi.

Kasitomalayo ndiye amavutitsanso pa nthawi. "Abambo, si mwati latha? Ndabwera ndi galimoto yahayala." Mmisiri amayankha kuti latha kupakidwa, koma silinakhwime. Vanishi wa mafuta amaleka kumata pakapita maola, koma amapitiriza kulimba kwa milungu ingapo, pafupifupi mwezi. Chingwe chomangira pa galimoto chimasiya mzere wake, nsalu ya pulasitiki yoyala patebulo imamatirira, ndipo vazi ya maluwa imadinda bwalo. Wokakamira kunyamula amauzidwa kuti aike bulangeti lakale pansi pa chingwe, ndipo kunyumba alisiye tebulolo losafunda kwa milungu iwiri kapena itatu.

Galimoto ikachoka pamatsala kutsuka burashi mu thina, kuipesa ubweya n'kuipachika chozondoka, ndi kutseka chitini mwamphamvu kuti vanishi wotsala asachite chikhungu. Sanza zonyowa ndi mafuta a fulakesi kapena vanishi wa mafuta sazisiya zitaunjikana pakona. Mafuta aja akamayamwa mpweya amatulutsa kutentha, ndipo mulu wa sanza ungathe kuyaka wokha usiku, m'shedi yodzaza utuchi. Amaziyanika panja imodziimodzi mpaka ziume gwaa, kapena kuzimiza m'ndowa ya madzi.